ZA MASEWERO A MASIKU ANO NDI UBWINO WAKE

Mawu Oyamba

Alipo anthu ambiri m'midzi mwathu muno amene akamva kuti kwafika a zisudzo amapukusa mutu nati, "Zimenezo n'za ana ndi anthu osowa chochita." Aliponso ena amene amapita ndithu kukaonerera, naseka kufikira nthiti kuwawa, koma ukawafunsa pobwerera chimene aona amangoti, "Kunali nthabwala." Onse awiriwa ataya kanthu. Woyambayo wakana chakudya asanachilawe, ndipo wachiwiriyo wamwa msuzi nasiya nyama m'mbale.

M'nkhani ino ndifuna kukambirana nanu, inu abambo ndi amayi amene mwaphunzira kuwerenga muli akulu kale, za masewero atsopano amene ana a dziko lino la Malawi alemba ndi kuonetsa. Sindikunena za mpira kapena kuthamanga, ayi. Ndikunena za sewero lija limene anthu amaima pabwalo kapena pansanja, wina nasanduka mfumu, wina mkazi wamasiye, wina wakuba, nachita nkhani pamaso pathu monga ngati ikuchitika lero lomwe. Cholinga changa n'chakuti tidziwe ubwino wa masewero amenewa, ndi kuti tidziwenso kusiyanitsa sewero lokoma ndi lopanda pake. Pakuti munthu wodziwa kusankha mbewu sanyengedwa pamsika.

Sewero Si Mlendo Kwathu

Tisaganize kuti luso lotsanzira anthu lidakwera mtsinje wa Shire pa sitima pamodzi ndi Azungu. Kumbukirani agogo anu posimba nthano madzulo. Pofika pa Kalulu ankachepetsa mawu, pofika pa Njovu ankawakulitsa, ndipo inu munkavomera kuti, "Tili tonse," ndi kuimba nawo nyimbo ya m'nthanoyo. Limenelo lidali sewero la munthu mmodzi.

Kumbukiraninso Gule Wamkulu wa Amang'anja ndi Achewa, amene bungwe la UNESCO lidamlemekeza m'chaka cha 2005 monga chuma cha anthu onse a padziko lapansi. Za kudambwe sitiulula pano. Koma aliyense amene adaimapo pabwalo adziwa kuti zilombo zina zimatsanzira woledzera, zina mlendo wodzikuza, zina munthu wopanda mwambo, kuti mudzi useke ndi kuchenjera. Ndipo ife a m'chigwa chino tili ndi utse, likhuba ndi valimba, m'mene nyimbo imodzi itha kulasa mwamuna wankhanza osamtchula dzina.

Nanga chatsopano n'chiyani? Chatsopano n'chakuti masiku ano munthu mmodzi kapena gulu amakhala pansi napeka nkhani yokhala ndi chiyambi, pakati ndi mathero. Amagawana mbali, naphunzira mawu awo masiku ambiri, ndipo nkhaniyo imanena za moyo uno tili nawowu: za sukulu, chipatala, ndalama, chisankho ndi njala. Tsinde ndi lomwe lija la makolo, koma alimezanitsa ndi nthambi yatsopano.

Njira Imene Masewerowa Adadzera

M'masiku a Atsamunda masewero olembedwa ankapezeka makamaka m'sukulu za mishoni, ndipo ambiri adali a m'Baibulo kapena a alembi a ku England monga William Shakespeare. Dziko litalandira ufulu m'chaka cha 1964 zinthu zidayamba kusintha. M'chaka cha 1969 bungwe la aphunzitsi a Chingerezi lotchedwa ATEM lidayambitsa mpikisano wa masewero m'sukulu za sekondale, ndipo mpikisano umenewu udasanduka nazale m'mene mudamera alembi ndi ochita masewero ambiri. M'chaka cha 1970 aphunzitsi ndi ophunzira a pa Chancellor College adayamba gulu loyendayenda ndi masewero lotchedwa Travelling Theatre. M'chaka cha 1976 mudatuluka buku lotchedwa Nine Malawian Plays, m'mene James Gibbs adasonkhanitsa masewero 9 olembedwa ndi Amalawi.

Kuyambira pamenepo madzi adagawika m'makhwawa ambiri. Kudabadwa magulu monga Kwathu, Wakhumbata, Wanna-Do, Solomonic Peacocks ndi Nanzikambe, ena ochita m'Chingerezi, ena m'Chichewa, enanso osakaniza. Tiyeni tsono tione chimene magulu amenewa atipatsa.

Ubwino Woyamba: Masewerowa Anena Zathu

Ubwino woyamba ndi waukulu ndi wakuti masewero atsopano atibwezera nkhope zathu. Munthu akadziona m'kalilole amakonza pamene pali poipa. Koma kalilole woonetsa nkhope ya munthu wa kutsidya kwa nyanja sangakuthandize kuchotsa chitsotso m'diso lako.

Chitsanzo choyenera ife a kuno ndi sewero la Steve Chimombo lotchedwa The Rainmaker, ndiko kunena kuti wodzetsa mvula, limene lidasindikizidwa m'chaka cha 1978. Nkhani yake ndi ya M'bona, amene kachisi wake ali m'nkhalango ya Khulubvi m'boma la Nsanje. Palibe mwana wa m'chigwa chino amene sadamvepo dzina limeneli. Akulu amaisimba nkhaniyi mosiyanasiyana, koma msana wake ndi umodzi: kudali chilala, wamkulu amene udindo wake udali kuitana mvula adalephera, mnyamata M'bona adavina ndipo mvula idagwa, nsanje idabala udani, kufikira adamlondola mnyamatayo namupha. M'sewero la Chimombo wamkulu wolepherayo ndi Kamundi.

Taonani tsono chimene sewero lichita chimene wosimba nthano sangathe. Wosimba nthano amatiuza kuti, "Wamkulu uja adachita nsanje," napitirira. Koma pabwalo nsanjeyo iyenera kuvala thupi. Wochita mbali ya wamkuluyo ayenera kuima pamaso pa anthu, thukuta lili kamukamu, kumwamba kuli mbee, ndipo ife tiona manyazi ake asanasanduke mkwiyo. Tikayang'anitsitsa tipeza kuti munthuyo sitikungomuda, tikumumveranso chisoni, pakuti nafenso tidziwa kuwawa kwake kwa kupambanidwa ndi mwana amene tidamuona akukwawa. Apa ndipo pali mphamvu ya sewero labwino. Silitilola kukhala patali ndi kuloza chala. Litikokera m'kati mwa mlandu.

Chifukwa chake sewero lotere silinena za kale lokha. Pamudzi paliponse, pampingo, pasukulu, ngakhale m'nyumba za olamulira, funso la M'bona likadalipo: kodi wamkulu achite chiyani mphatso ikaonekera mwa wamng'ono? Amlere kapena amthamangitse? Mlembi adatenga nkhani ya zaka mazana ambiri naiika pakhomo pathu lero.

Chodandaulitsa n'chimodzi: sewero limeneli lidalembedwa m'Chingerezi, kotero eni nkhaniyo ambiri a ku Chikwawa ndi ku Nsanje sangathe kuliwerenga. Chimombo mwini wake adalembanso sewero la m'Chichewa lotchedwa Wachiona Ndani? Iye adamwalira m'chaka cha 2015, koma njira imene adalambula ikadali yotsegula kwa mwana wa kuno amene angafune kuonetsa nkhani za chigwa chino m'Chimang'anja kapena m'Chisena.

Ubwino Wachiwiri: Kunena Choona Pamene Pakamwa Patsekedwa

Amayi athu adziwa bwino luso la pamtondo. Mkazi amene sangathe kuyankha apongozi ake maso ndi maso amaika dandaulo lake m'nyimbo posinja. Mudzi wonse umamva, koma palibe angamzenge mlandu pakuti sadatchule munthu. Alembi a masewero adatengera nzeru yomweyi.

M'chaka cha 1968 kudakhazikitsidwa lamulo lakuti sewero liyambe laonedwa ndi bungwe la boma lounika mabuku ndi zisudzo lisanaonetsedwe kwa anthu. M'zaka za chipani chimodzi munthu wolankhula mosasamala ankatha kutsekeredwa popanda kuzengedwa mlandu. Tsono alembi adaphunzira kuphiphiritsa. Ankanena za mfumu ya kale, za bambo wouma mtima panyumba pake, kapena za dziko lakutali, ndipo oonerera ankayang'anana m'maso, aliyense atamva yekha. Anthu ena amayesa kuphiphiritsa kumeneku mantha. Ine nditi kudali luso, pakuti kudaphunzitsa mlembi kusankha mawu, kudaphunzitsanso woonerera kumvetsera ndi makutu awiri.

Pa nkhani imeneyi sitingaleke kutchula Du Chisiza Junior, amene adabadwa m'chaka cha 1963, mwana wa Dunduzu Chisiza wa ndale uja amene adamwalira m'chaka cha 1962. M'chaka cha 1987 iye adayambitsa gulu la Wakhumbata, limene lidali loyamba m'dziko muno kuyesa masewero ntchito yodyera, osati chongotayitsa nthawi. Gululi linkayenda m'mizinda ndi m'maboma, ndipo ku Blantyre anthu ankadzaza bwalo la French Cultural Centre kudzaona masewero ake. Ena mwa masewerowo ndi Papa's Empire, ndiko kuti ufumu wa bambo, ndi Democracy Boulevard, ndiko kuti mseu waukulu wa demokalase. Maina okhawo akuuzani kumene mivi yake inkaloza. M'chaka cha 1993 adalowa ndale nakhala nduna ya boma, ndipo okonda masewero ake adagawika maganizo pa za ichi. Adamwalira m'chaka cha 1999 ali ndi zaka 35 zokha. Koma adasiya phunziro lakuti Mmalawi atha kulipira pakhomo kuti aone sewero lomganizitsa.

Dziko litalowa m'ulamuliro wa zipani zambiri m'chaka cha 1994, zina zimene zinkanenedwa mophiphiritsa zidayamba kunenedwa poyera. Mlakatuli Jack Mapanje adatsekeredwa m'ndende ya Mikuyu, kufupi ndi Zomba, kuyambira 1987 kufikira 1991, osazengedwa mlandu. Zimene adaona m'menemo adazilemba m'buku lotchedwa And Crocodiles Are Hungry at Night, limene lidatuluka m'chaka cha 2011. Chaka chotsatira, 2012, gulu la Nanzikambe, limene lidayamba ku Blantyre m'chaka cha 2003, pamodzi ndi anzawo a Bilimankhwe, adasandutsa bukulo sewero nalionetsa m'Malawi muno ndi ku London komwe.

Wina angafunse kuti, "Buku lilipo kale, nanga sewero n'lachiyani?" Yankho ndi ili: buku munthu amawerenga yekha, koma sewero anthu amaonera pamodzi. Nkhalamba imene mbale wake adatengedwa usiku ikhala pa benchi limodzi ndi mnyamata amene adabadwa zonsezo zitatha, ndipo onse awiri atuluka atasenza chikumbutso chimodzi. Mtundu woiwala pamene udapunthwa udzapunthwanso pomwepo.

Ubwino Wachitatu: Kuseka Kokhala ndi Mankhwala M'kati

Mayi wanzeru akafuna kumwetsa mwana mankhwala owawa amawabisa m'phala. Chimenechi ndicho achita masewero a nthabwala. Gulu la Kwathu, limene lidatchuka kuyambira m'zaka za m'ma 1980, lidasankha kulankhula Chichewa cha pamsika, cha m'basi ndi cha pamaliro, kotero lidafika kwa anthu amene Chingerezi chidawatsekera kunja. M'gulu limeneli mudali John Nyanga ndi Eric Mabedi, amene dziko lonse lidawadziwa ndi maina akuti Izeki ndi Jakobo. Nyanga adamwalira m'chaka cha 2016 ndipo Mabedi m'chaka cha 2021.

Anthu ambiri amakumbukira kuseka kokha; koma tadzifunsani chimene chinkatiseketsa. Sitinkaseka chifukwa anthu awiriwo adali achilendo, koma chifukwa tinkawadziwa. Ndani alibe mnansi wodzionetsa wanzeru pa zinthu zimene sadziwa? Ndani sadabwerekepo ndalama nayamba kulambalala nyumba ya mwini wake? Tikamaseka munthu wotere pansanja, pang'ono pang'ono tizindikira kuti tikudziseka tokha, ndipo manyazi amene sakadalowa ndi ulaliki alowa ndi phwete. Munthu ukamdzudzula pamaso amamanga linga. Ukamseketsa amatsegula chitseko yekha.

Palinso china. Masewero otere asunga chilankhulo chathu chili chamoyo. Miyambi, zining'a ndi mikuluwiko zimene ana a m'tauni akadaiwala amazimva pansanja zikugwira ntchito yake. Mwambi wokhala m'buku lokha uli ngati khasu lopachikidwa padenga. M'sewero uli m'manja mwa mlimi.

Ubwino Wachinayi: Amayi Adzilankhulira Okha

M'sukulu za anyamata okhaokha kale, mbali ya mkazi inkachitidwa ndi mnyamata wovala chitenje, ndipo kawirikawiri inkangokhala yoseketsa. Masewero atsopano asintha zimenezi. Du Chisiza atamwalira, amene adatsogolera Wakhumbata adali mayi, Gertrude Kamkwatira, amene pambuyo pake adayambitsa gulu lake la Wanna-Do. Iye ankalemba, kutsogolera ndi kuchita nawo masewero, ndipo adakhudza nkhani zimene m'nyumba zambiri zimanong'onedwa chabe, monga nkhanza za m'banja ndi matenda a Edzi. Adamwalira m'chaka cha 2006.

Akulu adati wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko. Za mkazi wamasiye wolandidwa katundu ndi abale a mwamuna, za mtsikana wochotsedwa sukulu kuti akakwatiwe, mwamuna atha kuzinena ndithu, koma zimamveka mwina zikatuluka m'kamwa mwa mwini wake. Inu abambo, mukaona sewero lotere musafulumire kukwiya. Khalani phee, mumvetsere. Kapena mudzamva mawu amene akunyumba kwanu akhala akuwameza zaka zambiri chifukwa cha ulemu.

Ubwino Wachisanu: Sewero Lofunsa Oonerera

Mtundu wa sewero umene ife a kumudzi tikomana nawo kawirikawiri ndi uja wobwera pabwalo la sukulu kapena pansi pa mtengo, wopanda nsanja, wopanda chinsalu, wopanda malipiro. Mtundu umenewu uli ndi mbiri yake. M'chaka cha 1981 a Travelling Theatre, motsogozedwa ndi Chris Kamlongera ndi David Kerr, adapita ku Mbalachanda m'boma la Mzimba, kumene adayamba afunsa anthu za mavuto awo, napeka masewero kuchokera pa zimene adamvazo. Patapita zaka zochepa adachitanso chimodzimodzi m'midzi ya kufupi ndi Liwonde pa nkhani za umoyo, monga zitsime ndi zimbudzi. Ku dziko la Brazil kudali munthu wina, Augusto Boal, amene adaphunzitsa kuti woonerera asamangokhala duu, koma aloledwe kuimitsa sewero ndi kulowamo. Nzeru zimenezi zidagwirizana bwino ndi mwambo wathu wa pabwalo la mfumu, pamene mlandu sugamulidwa anthu asanalankhulepo.

Kuti timvetse mphamvu ya sewero lotere, titenge nkhani imene itipweteka ife a kwa Makhuwira ndi chigwa chonse. Madzi adasefukira mu Januwale 2015. Adabweranso ndi namondwe Idai mu Malichi 2019, ndi Ana mu Januwale 2022, ndi Freddy mu Malichi 2023. Nyumba zidagwa, minda idakwiririka ndi mchenga, ndipo zipinda za sukulu zidasanduka misasa. Nthawi zonsezi uphungu wa boma udali wakuti okhala m'malo otsika asamukire kumtunda, ndipo nthawi zonsezi ambiri adabwerera kumalo awo akale madzi ataphwa.

Tiyerekeze tsono magulu awiri a zisudzo atenga nkhani imeneyi. Gulu loyamba lionetsa mlangizi wanzeru ndi nkhalamba yopusa. Mlangizi achenjeza, nkhalamba ikana, madzi abwera, nkhalamba ilira, mlangizi atembenukira kwa ife natiuza phunziro. Tiomba m'manja, tibalalika, ndipo palibe asamuka, pakuti aliyense mumtima mwake ati, "Ine sindine wopusa ngati uja, ndili ndi zifukwa zanga."

Gulu lachiwiri lipatsa nkhalambayo zifukwa zake zenizeni. Ili ndi dimba la nthaka yakuda limene lidyetsa banja chimanga ndi mbatata m'chilimwe, pamene kumtunda kuli fumbi. Manda a makolo ake ali pomwepo. Malo a kumtunda ali ndi eni ake, ndipo iye amene ali mwini mbumba akakhala wobwera, wopempha pobzala. Koma gululi lipatsanso mkazi wake mawu: iye ndiye adachezera usiku atanyamula mwana pamapewa, madzi ali m'chiuno, ndipo akumbutsa mwamuna wake kuti madzi saiwala khwawa. Lipatsanso mawu mwana wawo, amene chaka ndi chaka maphunziro ake aduka. Pofika pamene banjalo lagawika, ochita sewero aima natifunsa kuti, "Inu eni mudzi, banja ili lichite chiyani?"

Pamenepo bwalo litakasuka. Wina ati amange kumtunda koma azitsika kudzalima kudimba. Wina afunsa mtunda wake, ndi amene adzalonda mbewu usiku. Mayi wina afunsa za mjigo ndi chipatala kumalo atsopanowo. Mfumu, imene idabwera kudzaseka, ipezeka ikuyankha za malo. Sewero loyamba lija lidatipatsa yankho la eni ake. Lachiwirili latipatsa funso lathu. Mutu umodzi susenza denga, ndipo nzeru imene anthu aipeza okha ndiyo aisunga. Pa maubwino onse a masewero atsopano, uwu ndiwo utiyandikira koposa.

Pamene Masewerowa Afooka

Kuyamika kopanda kudzudzula ndi kusyasyalika. Pali chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Chomwecho si sewero lililonse latsopano lili labwino.

Cholakwa choyamba ndi chija tachiona kale, cha sewero losanduka ulaliki. Magulu ambiri amalandira ndalama kwa mabungwe ofuna kufalitsa uthenga, ndipo ichi pachokha si choipa. Koma mlembi akaopa womlipira koposa kulemekeza woonerera, anthu a m'sewero mwake amaleka kukhala anthu, nasanduka zikwangwani zoyenda.

Chachiwiri ndi kuseka kopanda chifundo. Sewero loseketsa anthu ndi kupunduka kwa munthu, chibwibwi chake, umphawi wake, kapena kalankhulidwe ka mtundu wake, monga ena achitira ndi Chisena, silichiritsa kanthu. Lingothira mchere pabala. Kuseka kwabwino kulasa khalidwe limene munthu atha kulisintha, osati chibadwa chimene sadasankhe.

Chachitatu ndi ulesi. Ena amayesa kukuwa ndiko kuchita sewero, nakwera pansanja osakonzeka, nabwereza nthabwala imodzi kufikira isukuluka. Ng'oma yoomba mosaleka makutu amaizolowera. Luso lili podziwa pokweza mawu ndi pokhala chete.

Chachinayi ndi chomvetsa chisoni koposa: masewero ambiri a m'Chichewa sadalembedwe m'mabuku. Adakhala m'mitu ya eni ake, ndipo eni akewo atapita, masewerowo adapita nawo kumanda.

Kaoneredwe Kake ka Sewero

Tsono inu owerenga, tsiku lina mukadzamva kuti kwafika a zisudzo, pitani. Koma mutenge mafunso awa m'thumba.

Loyamba: kodi anthu a m'seweroli ndikuwadziwa? Kodi alankhula monga alankhulira anthu, kapena monga munthu wowerenga kalata ya ku ofesi?

Lachiwiri: kodi wolakwa wapatsidwa mpata wonena zifukwa zake? Mfumu yomva mbali imodzi siweruza bwino, ndipo mlembi ali chimodzimodzi.

Lachitatu: kodi mathero abadwa kuchokera m'zochita za anthuwo, kapena agwa kuchokera kumwamba chifukwa nthawi yatha?

Lachinayi: pamene ndinaseka, ndinaseka chiyani, ndipo ndinaseka yani?

Lachisanu: kodi pobwerera kunyumba ndili ndi kanthu kokambirana ndi a m'banja langa? Sewero labwino silithera pabwalo. Limakutsata kumunda m'mawa mwake, nilikufunsa mafunso uli chiweramire ndi khasu.

Mukapeza sewero lokhoza pa mafunso amenewa, liyamikeni pamaso pa eni ake, ndipo ngati pakhomo pali malipiro, perekani mosanyinyirika. Anyamata ndi atsikana amenewa ataya masiku ambiri pokonzekera, ndipo nawonso adya nsima. Mwana wanu akasankhidwa kuchita sewero kusukulu, musamletse poyesa kuti akutaya nthawi. Akuphunzira kuima pamaso pa anthu osanjenjemera, kusunga mawu pamtima, kudikira nthawi yake yolankhula, ndi kudziika m'malo mwa mnzake. Ndipo zimenezi ndizo zifunika mwa mfumu, mphunzitsi, nkhoswe ndi kholo.

Mawu Otsiriza

Chatsala n'chimodzi, ndipo chili ndi inu. Chigwa chathu chino n'chodzala ndi nkhani zimene sizidakwerepo pansanja: za mlimi wa thonje woyembekeza mtengo wa chaka chino, za mlimi wa mpunga wa ku Nkhate wokangana ndi mnansi wake pa madzi a mumgula, za wodula nzimbe ku Nchalo, za wopalasa bwato pa Shire, za mkamwini ndi apongozi ake m'chaka cha njala. Nkhani zimenezi mlembi wa ku Zomba kapena ku Lilongwe sangazidziwe monga muzidziwira inu.

Kale mukadati, "Tingachite bwanji, osadziwa kulemba?" Lero chifukwa chimenecho chatha. Khalani pamodzi anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi a m'kalasi mwanu. Sankhani nkhani imene ikuvuta mudzi wanu, osatchula munthu dzina. Mupatse munthu aliyense wa m'nkhaniyo zifukwa zake zoona. Lembani mawuwo m'kope, pang'ono pang'ono, ngakhale dzanja likhale lolemera. Ndipo mukaonetsa seweroli pabwalo, kopelo mulisunge pouma, pamene madzi ndi chiswe sizifika, kuti adzukulu anu adzalipeze.